Maola 20 ku Addis pobwera ku Mumbai, ndituluke kukaona tauni kapena ndingokhala mu eyapoti?

Nabanda_Area49

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene munadutsapo ku Addis Ababa. Ndili ku India kuno pa maphunziro a miyezi yochepa ndipo mwezi wamawa ndikubwerera kumudzi. Tikiti imene ejenti wandipezera ndi ya Ethiopian, kuchoka ku Mumbai m'mawa kufika pa eyapoti ya Bole ku Addis cha m'ma 2 koloko masana, koma ndege yaku Lilongwe inyamuka mawa lake cha m'ma 10 m'mawa, nde ndikawerenga ndi maola pafupifupi 20 ndili pa transit. Popita ndinangodutsa usiku mothamanga, zomwe ndinaona ndi mipando ndi anthu ogona pansi atafunda majekete basi.

Ine ndimaphunzitsa History ku sekondale, ndipo chaka chilichonse ndimawauza ana za Lucy, mafupa akalekale aja a kholo la anthu, ndi za nkhondo ya Adwa kuchokera m'buku chabe, nde zikundiwawa kuti ndikhale usiku wonse mu mzinda umene muli zinthu zimenezi koma osaona olo chimodzi. Sindikudziwa kuti mwayi wokwera ndege ndidzaupezanso liti. Bambo a kunyumba akuti ndisayerekeze, ndingokhala mkati, ndege ikandisiya adzagula ndani tikiti ina ndi mmene dola yavutiramu. Ndikuwamvetsa koma mtima sukuvomera.

Nde ndithandizeni. Ndi pasipoti yaku Malawi amalola kutuluka? Viza yake imayenda bwanji? Ndamva zoti amapereka hotela yaulere, ndi zoona kapena ndi za a business class okha? Chikwama chachikulu ndimachitenga kapena chimapitirira chokha? Komanso ndili ndekha, mzimayi, chilankhulo chawo sindidziwa. Ndiuzeni zoona zake, ngati n'zosatheka ndingogula buku ndizikawerenga pampando.

Bambo_a_Tadala

ANabanda tulukani, musalole kugona pa mpando wachitsulo usiku wonse pamene bedi likukudikirani. Ine ndimadutsa pa Bole pafupipafupi ndi ntchito nde ndikuuzani mmene zimayendera.

Za hotela ndi zoona ndipo si za business class yokha ayi. Lamulo lawo ndi loti transit ikhale pakati pa maola 8 ndi 24, ndege zonse ziwiri zikhale zawo pa tikiti imodzi, komanso pasakhale ndege ina imene mukanatha kukwera msanga. Apa mpamene anthu ambiri amasokonezekera. Ngati ya ku Lilongwe yoyamba mukafika ndi imeneyo ya mawa lakeyo, muli bwino. Koma munthu akasankha dala kudikira tsiku lonse pamene ndege yapafupi inalipo, akhoza kumuuza kuti adzilipirire yekha. Nde musadikire kukafunsa mutafika, imbani kapena pitani ku ofesi yawo ku Mumbai konko, muwapatse nambala ya booking akuuzeni ngati ili ndi hotela. Nthawi zambiri vocha amakupatsani pa check-in pomwe limodzi ndi ma boarding pass, ikapanda kutuluka pamenepo mukatsika ku Bole muzikafunsa transit desk. Vochayo ndi imene imakudutsitsani pa imigireshoni, imakukwezani basi yaku hotela, ndipo chakudya chamadzulo ndi cham'mawa chili momwemo. Hotela simusankha nokha, amakulemberani, mwina Skylight yomwe ili pafupi penipeni ndi eyapoti, mwina ina yam'kati mwa tauni.

Chikwama chachikulu chimapitirira chokha, ingoyang'anani ka tagi kamene amamata kaja kuti kalembedwa LLW osati ADD. Zikutanthauza kuti simuchionanso mpaka ku KIA, choncho mu kachikwama kam'manja muike zosinthira, mankhwala ngati mumamwa, chaja ndi juzi. Juzi musaiwale chonde. Addis ili pamwamba kwambiri, mamita oposa 2,300, dzuwa likangolowa kumazizira ngati ku Dedza mu June, ndipo inu mukhala mukuchokera kotentha ku Mumbai.

Tsopano nkhani yeniyeni ndi nthawi. Maola 20 aja si anu onse ayi. Ndege yatera 2 koloko, mutsike, mukwere ka basi kofikitsa ku terminal, mzere wa vocha, mzere wa imigireshoni, kudikira basi ya hotela idzaze, kulembetsa pa reception, mukamalowa mu chipinda ndi cha m'ma 4 ngati zayenda bwino. Museum imene kuli Lucy imatseka cha m'ma 5 koloko. Nde ngati Lucy ndi amene mukufunadi, musasambe, musagone kaye pabedi poti ndingopumulako pang'ono, ponyani chikwama mutuluke pompo. Auzeni a pa reception akuitanireni takisi, komanso aimbe ku museum kuti atsimikize kuti ndi kotsegula tsiku limenelo. Malowo ndi National Museum of Ethiopia, ali ku Amist Kilo kufupi ndi yunivesite, kuchokera ku Bole ndi theka la ola msewu ukakhala bwino koma madzulo anthu akamaweruka umadzadza.

Ndikuuzeniretu kuti musakakhumudwe. Museum yake si yaikulu, ndipo mafupa amene amaonetsa mugalasimo ndi ofanizira, enieniwo amawasunga potsekera. Komabe ukaima pamenepo zimagwira mtima. Kamunthu kake n'kakang'ono, kupitirira mita imodzi pang'ono chabe, agoneka fupa lililonse pamalo pake, nthiti, chiuno, kachibwano, ndipo pambali pake anakonza wina woimirira kuti uone mmene ankayendera ndi miyendo iwiri. Anamupeza mu 1974 ku Hadar m'chigawo cha Afar, zaka zake akuti 3.2 miliyoni, ndipo eni dziko amamutcha Dinkinesh. Inu monga mphunzitsi ola limodzi mmenemo likukwanirani, mujambule zithunzi zokaonetsa ana ku kalasi.

Mukatuluka pitani mukamwe khofi. Tomoca ndi imene imatchuka, inayamba mu 1953, ka kapu kake n'kakang'ono koma n'kamphamvu, ku malo awo akale anthu amamwa ataimirira n'kumapita. Kenako bwererani ku Bole kusanade kwambiri. Ngati mphamvu zilipo, madzulo kuli malo odyera ngati Yod Abyssinia komwe amaphika zakwawo kwinaku akuvina eskista, gule wogwedeza mapewa uja, ndipo si patali ndi mahotela ambiri. Zimenezo zokha basi, musawonjezere zina.

Mai_Chikondi_Leeds

Achemwali, ine ndikuona kuti bambo a kwanu asatsutsidwe kwambiri, nkhawa yawo ili ndi mutu. Sindikuti mugone mu eyapoti, hotela pitani ndithu, koma zoyendayenda mu tauni muganize kawiri.

Tsiku limenelo mudzuka mbandakucha ku Mumbai, eyapoti ya kumeneko ndi yaikulu ndipo mizere yake imatopetsa, kenako maola 5 ndi kanthu mu ndege. Mukafika ku Addis mpweya wake ndi wopepuka chifukwa cha kukwera kuja, ena mutu umawawa, ena amangoona befu pokwera masitepe ochepa chabe. Ine umandipweteka mutu tsiku loyamba nthawi zonse. Nde thupi lotopa, mzinda wachilendo, zikwangwani zambiri zolembedwa m'zilembo zawo, ndiye nthawi imene munthu amataya zinthu.

Akuba mafoni aliko ngati m'mizinda yonse ikuluikulu. Ine ndinaona ndi maso anga kufupi ndi Meskel Square, tianyamata togulitsa matishu ndi chingamu tinamuzungulira bambo wina, wina akumukankhira katireyi ka malonda pamimba uku dzanja linalo likulowa m'thumba pansi pa tireyipo. Zinachitika mwachangu moti mwini wakeyo anazindikira anawo atawoloka kale msewu. Palinso ena amakuthira kanthu pa malaya ngati mwangozi n'kuyamba kukupukuta akupepesa. Munthu akakuyandikirani choncho ingobwererani m'mbuyo mutagwira chikwama. Ndipo wina asakunamizeni zoti pitani ku Merkato poti ndi msika waukulu kwambiri, inde ndi waukulu, koma si wopita nokha madzulo muli ndi pasipoti m'chikwama. Foni ikabedwa n'zowawa koma mufika kwanu. Pasipoti ikasowa ndege ya mawa simukwera, muyamba kufunafuna ofesi ya kazembe wathu ndi lipoti la polisi.

China chimene a Bambo a Tadala sananene ndi m'mawa mwake. Pa Bole ndege zambiri zopita m'maiko a mu Africa zimanyamuka nthawi imodzimodzi m'mawa, ndipo nthawi yomweyo n'kuti zaku Europe, Asia ndi America zangotera kumene, anthu amakhala pikitipikiti. Mumasechedwa polowa pakhomo, imigireshoni, kusechedwanso musanafike pa geti, nsapato kuvula, laputopu kutulutsa. Ndege ya 10 koloko muzikhala mwafika 7 koloko, ndipo basi ya hotela ikanena nthawi muzikhala pansi mphindi 15 isanakwane. Choncho zovina mapewa mpaka 11 usiku ine sindikulimbikitsa.

Ndalama sinthani pang'ono chabe pa banki ya mu eyapoti, yokwana takisi, polowera ku museum ndi khofi, ndipo risiti musunge. Birr ikakutsalirani ku Lilongwe palibe amene angakusinthireni. Musadalire khadi la ku banki yakwathu, mukudziwa mmene limavutira kunja masiku ano. Madola ang'onoang'ono atsopano osang'ambika ndi amene amathandiza.

Chimwemwe_wa_ku_Jozi

Nkhani yabwino iyi, ndiloleni ndiionjezere kwa ena amene akuwerenga omwe sadutsira ku Addis.

Kwa ife a pasipoti yaku Malawi funso loyamba si loti mzindawo uli ndi zokongola zanji, ndi loti atilola kutuluka pa geti kapena ayi. Anzathu a mapasipoti aku Europe amangoti ndili ndi maola 7 ndikazungulireko, ife tiyambe taona mapepala. Nde malo osavuta kwambiri ndi kuno ku Johannesburg, timalowa popanda viza kwa masiku 30, ukatsika pa OR Tambo wadinditsa basi watuluka. Gautrain imachokera mu eyapoti momwemo, mphindi pafupifupi 15 uli ku Sandton. Koma chonde musathere nthawi yanu mu mall, masitolo ndi omwewo. Ngati muli ndi maola 8 masana pitani ku Apartheid Museum kapena ku Constitution Hill komwe kunali ndende yakale ija, kapena ku Soweto pa Vilakazi Street pomwe pali nyumba ya Mandela. Apartheid Museum yokha imafuna maola 3 ngati ukuwerengadi zolembedwazo, ndipo umatulukamo uli chete. Kumbukirani kuti Gautrain siyenda usiku wonse, ndipo m'kati mwa tauni ya Joburg usamayende wapansi ndi chikwama ngati sukudziwa misewu, itanani galimoto pa app ikutengeni pakhomo ikakusiyeni pakhomo.

Nairobi nayo ndi yabwino kwa okwera Kenya Airways. Nairobi National Park ili pafupi kwambiri ndi eyapoti yawo ya JKIA, munthu umaona akadyamsonga ndi zipembere kumbuyo kwake kukuoneka nyumba zazitali za mu tauni, ndipo ukafika m'mamawa ndi nthawi yabwino yoonera nyama. Kale vuto linali Mombasa Road, magalimoto amatha kuima osasuntha mpaka munthu kusiyidwa ndi ndege, koma chitsegulireni Expressway mu 2022 zinapepukako, mumangomuuza dalaivala adutse pamwamba inu mulipire toll. Za mapepala aku Kenya zakhala zikusintha, anabweretsa eTA, chilolezo cholowera chofunsira pa intaneti, mu January 2024, kenako mu 2025 anafewetsa kwa maiko ambiri a mu Africa, nde muziona pa webusaiti ya boma lawo sabata imene mukunyamukayo osati kudalira zimene mnzanu anachita chaka chatha.

Amene mumakwerera ku Lusaka, Dar kapena kuno pa Turkish Airlines, iwo ali ndi Touristanbul, amakutengani pa basi kukaona mzinda wa Istanbul ulere ngati transit yanu ili pakati pa maola 6 ndi 24, wokufotokozerani ali momwemo. Koma viza yolowera ku Turkey ndi yanu, basi siyidikira munthu amene alibe, ndipo eyapoti yawo ili kutali ndi komwe kuli Hagia Sophia, makilomita 40 kapena kuposa, nde okha amene ali ndi tsiku lathunthu ndi amene amapindula.

Ine mmene ndimachitira, pa maola a transit ndimachotsapo 2 otulukira, 3 obwerera kudzachekina, ndi nthawi ya pamsewu kupita ndi kubwera. Zotsalazo ndiye zanga. Zikatsala zosakwana maola 3 sindituluka. Za aNabanda n'zosiyana chifukwa ali ndi bedi komanso usiku wonse wowateteza, olo takisi itachedwa bwanji madzulowo ndege ndi ya mawa. Transit yoopsa ndi ya m'mawa kufika madzulo tsiku lomwelo, yomwe ukachedwa pamsewu palibenso pothawira.

Nabanda_Area49

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri kawiri. Ndinaimba ku ofesi yawo lero, andiuza kuti booking yanga ili ndi hotela ndipo vocha ndidzalandira pa check-in. Ndawatumizira bambo a kunyumba zimene mwalembazi, makamaka za aChimwemwe zoti ndege ndi ya mawa lake, afewako koma akuti ndizidzawatumizira location ola lililonse.

Mai Chikondi ndamva, ku Merkato sindipita. Koma ndifunsenso, ngati ndege yachedwa ndipo museum ndaipeza yotseka, chinanso chimene ndingaone madzulowo ndi chani kuti ndisangobwerera chimanjamanja? Za Adwa zija kuli malo ake? Nanga chakudya chawo, mimba yanga siichedwa kudandaula ndipo mawa lake ndili mu ndege maola angapo.

Gogo_wa_Kazanchis

Mwana wanga, ine ndinakhalako ku Addis zaka zingapo bambo a kunyumba kwanga akugwira ntchito kumeneko, ndipo ndimapitabe kukaona anzanga, nde ndikuyankheni.

Za Adwa malo alipo tsopano. Anatsegula Adwa Victory Memorial mu February 2024 ku Piassa, pakati penipeni pa mzinda wakale. Ndi chinyumba chachikulu, muli museum ya nkhondo ija ya 1896 pamene Menelik II ndi Mfumukazi Taytu anagonjetsa asilikali aku Italy, ndipo panja pali zipilala ndi bwalo lalikulu. Kuchokera ku National Museum si patali, nde mukapeza uku kotseka muuzeni dalaivala akhotere kumeneko, olo mkati mutapeza atseka panja pokha pali zoti muone ndi kujambula, ndipo chipilala cha Menelik ali pa hatchi chili chapafupi pomwepo moyang'anana ndi tchalitchi cha St George. Kwa mphunzitsi wa History ine ndinganene kuti Adwa ndi yofunika mofanana ndi Lucy, chifukwa mukadzaima kutsogolo kwa ana n'kunena kuti dziko ili silinalamulidwe ndi atsamunda ngati ife, mudzakhala mukunena zomwe mwaona mmene eni ake amazinyadira. Piassa yomwe ine ndinkaidziwa anaigwetsa mbali yaikulu pokuza misewu, timasitolo tambiri takale kulibenso, moti amene anapitako kale akakulongosolerani njira musadabwe mukapeza zasintha.

Pobwerera ku Bole mudutsa cha ku Arat Kilo, pamenepo pali Holy Trinity Cathedral pomwe anaika Haile Selassie, ndipo kutsikira ku Kazanchis kuli Africa Hall, nyumba imene atsogoleri anakhazikitsiramo OAU mu 1963. Malemu Bingu anagwirapo ntchito ku UN kumeneko kalekale asanakhale pulezidenti, ndipo mu 2010 anadzakhala wapampando wa AU. Mkati simungalowe mwachisawawa koma dalaivala akhoza kukulozerani mukudutsa. Chenjezo limodzi, kufupi ndi nyumba ya boma ndi malo a asilikali foni ikhale m'chikwama, sakonda zojambula.

Tsopano mvetserani bwino za nthawi, chifukwa izi zasokonezapo alendo ambiri. Choyamba, wotchi yaku Ethiopia ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi kwathu, ndipo ili m'mbuyo maola 2 ndi theka poyerekeza ndi India, nde foni yanu ikapanda kusintha yokha musinthe pamanja mukangotera. Chachiwiri, iwo amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. 7 koloko m'mawa yathu kwa iwo ndi 1 koloko, 12 masana ndi 6 koloko. Ku eyapoti ndi pa tikiti amagwiritsa nthawi imene tonse timaidziwa, koma dalaivala wa takisi kapena mnyamata wa pa geti akhoza kukuuzani kuti ndibwera 12 koloko akutanthauza 6 m'mawa. Mukamapangana ndi aliyense muzimuonetsa pa foni nambala yake, kapena mufunse kuti ndi nthawi ya chi Ethiopia kapena ya pa tikiti. Ngakhale deti pa risiti musadabwe nalo, kalendala yawo ili ndi miyezi 13 ndipo ili m'mbuyo zaka 7 kapena 8.

Za takisi, kuli ma app awo monga Ride ndi Feres ndipo ndi otchipa kusiyana ndi kukambirana mtengo pamsewu, koma amafuna nambala ya foni yoti dalaivala akuimbireni, nde kwa usiku umodzi musavutike ndi kugula SIM. A pa reception akuitanireni, mugwirizane ndi dalaivala yemweyo kuti akudikireni ndi kukubwezani, mtengo mumvane musanakwere, ndipo mutenge kakhadi ka hotela kolembedwa m'zilembo zawo. Location yotumiza kwa bambo a kwanuyo izidzapita mukakhala pa wifi, auzeniretu asadzade nkhawa mukakhala chete maola awiri. Azimayi amayenda okha ku Addis masana popanda vuto, valani zotalika bwino ndi kampango ngati mukufuna kulowa m'tchalitchi, nsapato amavula pakhomo.

Chakudya, injera, chikondamoyo chawo chopyapyala chomwe amadyera ndiwo, ndi yowawasa chifukwa ufa wa mbewu yawo ya teff amausasitsa masiku angapo, poyamba imadabwitsa koma sipweteka m'mimba. Itanitsani shiro, ndi ndiwo za ufa wa tchana (chickpeas) zophika bwino, kapena beyaynetu yomwe ndi masamba, mphodza ndi zina zosiyanasiyana pa injera imodzi. Lachitatu ndi Lachisanu a Orthodox amasala nyama ndi mkaka nde zimenezi zimapezeka paliponse. Mukafuna nyama nenani tibs, ndi yokazinga. Chimene musayese usiku woti mawa muli mu ndege ndi kitfo, ndi nyama yogaya yosaphika kapena yongofunditsa, eni ake amaikonda kwambiri koma mimba yachilendo siyimva. Tsabola wawo wa berbere mwachokera ku India simumuopa. Madzi a m'botolo okha. Ndipo mukaona mayi atakhala pa kampando kakafupi, udzu wauwisi atawaza pansi, akukazinga khofi pa mbaula lubani akufuka, khalani pansi mumwe, amathira kuchokera mu kamphika kadothi ka khosi lalitali kotchedwa jebena, pambali pali mbuliwuli. Ya pa makina ija ndi yabwino koma iyi ndi imene amamwa kunyumba.

Simunanene mwezi wake. Ngati ndi pakati pa June ndi September ndi nthawi ya mvula yamphamvu, imakonda kugwa masana ndi madzulo ndipo misewu imaima, ambulera ikhale pafupi.

Mai_Chikondi_Leeds

Agogo afotokoza bwino, ndagonja pa za Adwa, pitani achemwali bola mubwerere kusanade. Koma pali chimodzi tonse taiwala, yellow card. Ethiopia ili pa mndandanda wa maiko a yellow fever, ndipo kwathu amafuna satifiketi ya katemera kwa munthu amene wachokera ku dziko lotero, kuphatikizapo amene wakhala pa transit maola oposa 12. Inu ndi 20 ndipo mutuluka kunja, nde pa KIA a zaumoyo aja amene amaima musanafike pa imigireshoni akhoza kukufunsani. Ngati munabayitsa popita ku India ndi yomweyo, kuyambira 2016 katemera mmodzi amawerengedwa wa moyo wonse, ingoonetsetsani kuti kabukuko kali mu kachikwama kam'manja limodzi ndi pasipoti osati mu chachikulu chija. Ngati mulibe bayitsani sabata ino konko, chifukwa satifiketi imayamba kugwira ntchito patatha masiku 10.

Nabanda_Area49

Ndili nayo, inali pansi pa sutikesi yaikulu, ndaichotsa pompano ndaika mu pasipoti. Ndi mwezi wa November agogo nde mvula ndaipewa. Ndiyamba ndi museum, ndikapeza nthawi Adwa, kenako khofi ndi shiro ku hotela. Funso lomaliza kwa a Bambo a Tadala, khofi wosagaya wogula mu tauni amalola kulowa naye mu ndege mu kachikwama kam'manja? Ndikufuna ndiwatengere aphunzitsi anzanga ku staff room.

Bambo_a_Tadala

Amalola, bola akhale wokazinga kale komanso mu paketi yomata, ine ndimatenga nthawi zonse. Gulani mu tauni, mu eyapoti yemweyo amadula kwambiri. Uchi ndi tej, mowa wawo wa uchi, musagule, ndi zamadzimadzi, akulandani pa sikana ndipo chikwama chachikulu simukhala nacho choti muikemo.